Akufuna kutapa kachidutswa ka kapamba wa amuna anga: kodi sadzatha magazi?

Funso: Adokotala, ndine mayi wa ana anayi, ndimakhala ku Jali kuno ku Zomba. Bambo a kunyumba kwanga, a zaka 46, adwala miyezi isanu tsopano. Thupi limatentha usiku, aonda, ndipo kumanzere kwa mimba kwatupa. Atawaunika pa sikani anapeza kuti kapamba wakula ndipo ali ndi timadontho mkati. Amwa mankhwala a TB miyezi iwiri koma sakusintha. Pano akuti awatumiza kwa madokotala a opaleshoni kuti akatape kachidutswa ka kapambayo kudzera pa timabowo ting'onoting'ono pamimba. Apongozi anga akukana, akuti kapamba sakhudzidwa, ukangomukhudza munthu amatha magazi. Ndivomere?

Yankho: Mayi, pepani ndi matendawa, ndipo mwachita bwino kufunsa musanasaine. Ndiyambe ndi apongozi anu, chifukwa mawu awo si opanda mutu. Mwa ziwalo zonse za m'mimba, kapamba ndiye amene ife a opaleshoni timamugwira ngati tanyamula mazira.

Ngati munaimapo pamene akusenda mbuzi pa msika wa Jali, kapamba mukumudziwa: kanyama kofiira moderako, kofewa, komatirira pa chifu. Wa munthu amakhala kumanzere, m'mwamba, kuseri kwa nthiti za m'munsi. Mwa munthu wamkulu wathanzi amalemera pafupifupi magalamu 150 ndipo kutalika kwake ndi masentimita 11 kapena 12. Dokotala akamakanikiza pamimba sayenera kumumva. Akamveka kunsi kwa nthiti ndiye kuti wakula ndithu. Ntchito yake ndi kusefa magazi, kuchotsa maselo okalamba ndi kugwira tizilombo, kuphatikizapo ta malungo. Chifukwa cha ntchito imeneyi, pa magawo 100 a magazi amene mtima umapopa, pafupifupi 5 amadutsa mwa iye. Tinene kuti pa miniti iliyonse mumadutsa magazi otsala pang'ono kudzaza botolo la Fanta, ndipo kapamba wotupa amalandira oposa pamenepo. Chikopa chomukuta ndi chopyapyala, mkati mwake ndi mofewa. Kumusoka kuli ngati kusoka papaya lakupsa: ukakoka ulusi, ulusiwo umadula. Chiwindi chimalolako kusokedwa, koma kapamba amavuta kwambiri. Ndiye mantha a apongozi anu ali ndi pogwira.

Pamene ndikusiyana nawo ndi pa mawu akuti sakhudzidwa. Amakhudzidwa, ndipo anthu ambiri amatuluka bwinobwino. Chimene chimapulumutsa munthu nthawi zambiri chimachitika asanalowe n'komwe mu fiyeta.

Funso loyamba limene ndikanafunsa ndikanakhala inu si la timabowo ayi. Ndi lakuti: kodi palibe pena pamene tingapeze yankho osakhudza kapamba? Kuno kwathu kapamba amatupa pa zifukwa zambiri zimene sizifuna mpeni. Pali malungo obwerezabwereza kwa zaka zambiri, amene amakulitsa kapamba mpaka kufika pa mchombo, ndipo amaphwa pang'onopang'ono ndi mankhwala a malungo omwa kwa nthawi yaitali. Pali likodzo la m'matumbo, limene limalimbitsa chiwindi mwakuti magazi amalephera kudutsa bwino n'kubwerera kukadzaza mu kapamba. Inu a ku Jali, amene Nyanja ya Chilwa ndi madimba ampunga muli nazo pafupi, likodzo simulimva pa wailesi. Chiwindi choonongeka ndi kachasu kapena ndi matenda a hepatitis B chimachitanso chimodzimodzi. Mwa anthu oterewa misempha yozungulira kapamba imakhala yofufuma ndi yothinana magazi, ndipo kutapa kachidutswa n'koopsa pamene phindu lake palibe, chifukwa vuto lili ku chiwindi.

Koma amuna anu nkhani yawo ndi ina. Timadontho mkati mwa kapamba, kutentha thupi usiku ndi kuonda, zimatifikitsa pa matenda awiri amene amafanana nkhope ngati mapasa: TB yofalikira m'thupi, makamaka mwa munthu amene ali ndi HIV, ndi khansa ya m'mwanabere yotchedwa lymphoma. Kuyamba ndi mankhwala a TB kunali koyenera, chifukwa kwathu kuno TB ndiye yofala. Miyezi iwiri yatha popanda kusintha, ndiye madokotala ayenera kuganizanso. Mwina ndi TB yosamva mankhwala wamba, mwina mankhwala sakumwedwa kapena sakukhazikika m'mimba, mwina si TB n'komwe. Sikani imaonetsa kuti timadontho tilipo, koma siyinena kuti ndi ta chiyani. Chimene chimanena ndi kachidutswa ka mnofu koikidwa pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Lymphoma ili ndi mitundu yambiri, ina imachizika ndithu ndi mankhwala a khansa, koma palibe dokotala wanzeru amene angayambitse mankhwala amphamvu chotero mongoganizira.

Ndiye funsani kuti: kodi mwawakhudza m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche kufuna mwanabere wotupa? Ngati alipo ngakhale mmodzi wolimba, timachotsa ameneyo ndi jakisoni wa dzanzi chabe, munthu n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Kodi mkodzo unayezedwa TB ndi kachipangizo ka LAM, ngati ali ndi HIV? Makhololo anapita pa makina a GeneXpert, amene amanenanso ngati TB ikukana mankhwala a rifampicin? Nanga kutapa mafuta a m'fupa la m'chiuno? Zonsezi n'zosaopsa poyerekeza ndi kapamba. Ngati zonse zachitika ndipo yankho silinapezeke, pamenepo kapamba ndiye khomo lotsala, ndipo ine sindingakuuzeni kuti mukane. Kukhala miyezi ina itatu mukuchiza matenda olakwika kumapha anthu ambiri kuposa opaleshoni imeneyi.

Pali njira ziwiri zotapira. Yoyamba ndi ya singano yopyola pakhungu, dokotala akuyang'ana pa sikani, wodwala ali maso koma pamalopo pachita dzanzi. Kale njirayi inkaopedwa kwambiri. Mu 2011 akatswiri ena anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wosiyanasiyana n'kupeza kuti mavuto aakulu, makamaka kutaya magazi, ankachitika mwa anthu pafupifupi 2 pa 100 aliwonse, ndipo singano ikakhala yopyapyala, ya saizi 18 kapena yocheperapo, chiwerengerocho chinkatsika kufika pa munthu mmodzi ndi pang'ono pa 100. Manambala amenewa anachokera m'zipatala za kunja zokhala ndi zonse pafupi, choncho musawatenge ngati lonjezo, koma akuonetsa kuti kapamba si chiwalo choletsedwa.

Yachiwiri ndiyo mwauzidwayo, imene pa Chingerezi amati laparoscopy. Wodwala amagonetsedwa tulo tofa nato, n'kumupendeketsa kuti mbali ya kumanzere ikhale m'mwamba. Timaboola timabowo titatu kapena tinayi, ta mamilimita 5 mpaka 12, n'kupopera mpweya wa carbon dioxide m'mimba kuti khungu litukuke ngati tenti, tipeze malo oonera. Pa bowo limodzi pamalowa kamera, pa enawo zida zazitali zopyapyala, ndipo zonse timaziona pa kanema. Njirayi si yachilendo pa kapamba: madokotala a ku Paris, Delaitre ndi Maignien, anafotokoza za kuchotsa kapamba yense mwa njira imeneyi mu 1991.

Ubwino wake waukulu pa nkhani ya magazi ndi wakuti timaona ndi maso. Singano yapakhungu ikatuluka, dokotala amangodikira ndi kuyembekeza kuti bowo latsekeka. Ndi kamera, timasankha malo otalikira pakhomo pa kapamba pamene pamalowa misempha ikuluikulu, timatapa, kenako timakhala pomwepo kuyang'anitsitsa. Pakatuluka magazi timakanikiza ndi kansalu kwa maminiti angapo, ndipo kudekha kumeneku kokha kumaletsa magazi ambiri. Tikhoza kuwotcha pamalopo ndi chida chamagetsi, kutsekapo ndi kasiponji kosungunuka kokha m'thupi monga Gelfoam, kapena kansalu ka Surgicel, kapena kukokerapo mafuta a m'mimba aja amene amakuta matumbo, kuti akhale ngati chigamba. Tisanatseke timachepetsa mpweya uja n'kuyang'ananso, chifukwa mpweya ukathina m'mimba umatha kupanikiza timisempha n'kubisa kutuluka kwa magazi kumene kudzayambe wodwala ali kale ku wodi. Ubwino wina ndi wakuti kamera imaona chiwindi, mwanabere wa m'mimba ndi chikopa cha mkati mwa mimba. Kangapo ndalowa ndi cholinga cha kapamba n'kupeza timatuza toyera ta TB titamwazika pa chikopa chimenechi ngati mapira, n'kutapa pamenepo, kapamba osamukhudza n'komwe. Pemphani dokotala wanu kuti akaona pena posavuta, ayambe ndi pamenepo.

Kuipa kwake ndi kwakuti imafuna tulo tofa nato, ndipo munthu woonda, wochepa magazi, wa chifuwa chofooka, tulo timeneti si nkhani yaing'ono kwa iye. Imafunanso zida, mpweya, magetsi odalirika ndi dokotala amene manja ake anazolowera. Si tsiku lililonse kapena chipatala chilichonse pamene zonsezi zimakumana, ndiye musadabwe ngati kuchokera ku Zomba Central angakutumizeni ku Queens ku Blantyre, mtunda wa makilomita osapitirira 70. Ndipo chonde, musanyengedwe ndi kuchepa kwa mabala. Timabowo n'tating'ono kunja, koma mkatimo ndi opaleshoni yeniyeni.

Tsopano za magazi a amuna anuwo, pamene ndikufuna mumvetsetse kwambiri. M'magazi muli tizidutswa totchedwa ma platelet, timene timathamangira pa bala kukatseka. Munthu wathanzi amakhala nato pakati pa 150,000 ndi 450,000 pa kadontho kakang'ono koyezera; pa pepala la ku labu amangolemba 150 mpaka 450. Kapamba wabwinobwino amasunga gawo limodzi mwa magawo atatu a tizidutswati. Akatupa amameza tochuluka, n'kusiya tochepa m'misempha. Apa ndiye pali msampha: matenda omwewo amene akutichititsa kufuna kutapa kapamba ndiwo amachepetsa zinthu zoletsa magazi. Madokotala ambiri safuna kuyamba ngati nambalayi ili pansi pa 50. Palinso muyezo wa INR, woonetsa changu cha kuundana kwa magazi. Wabwino umakhala pafupi ndi 1, ndipo ukapitirira 1.5 timayamba taukonza, ndi vitamini K kapena madzi a m'magazi otchedwa plasma. Mankhwala a TB nawo nthawi zina amavutitsa chiwindi, ndipo chiwindi ndicho chimapanga zambiri zoundanitsa magazi, choncho nachonso chiyezedwe. Onani m'buku lawo la kuchipatala ngati manambala atatuwa alembedwa: Hb (muyezo wa kuchuluka kwa magazi), platelet, INR. Akhale a masiku omwewo, osati a mwezi watha.

Kenako mankhwala a m'nyumba. Munthu amene wadwala miyezi isanu amakhala atamwa zambiri zimene sizinalembedwe m'buku. Aspirin amafooketsa ma platelet kwa masiku pafupifupi 7, ngakhale m'bulu umodzi. Bufeni, Indosidi ndi diclofenac, amene timagula pa golosale thupi likamaphwanya, nawonso amasokoneza, ngakhale kwa masiku ochepa. Warfarin ndi clopidogrel, ngati amamwa chifukwa cha mtima kapena magazi oundana m'mwendo, asasiye okha. Dokotala ndiye anene tsiku losiyira ndi choti amwe m'malo mwake. Pa ululu, Panado ndiye wosaopsa pa nkhani ya magazi, koma poti ali pa mankhwala a TB, afunse mlingo woyenera. Za zitsamba ndinena mosabisa ndiponso mosanyoza: mabanja ambiri amakhala atapitako, ndipo ife sitidziwa zimene zili m'botolomo. Nenani basi, ndipo azisiye masabata awiri opaleshoni isanachitike ngati nthawi ilipo. Chinanso, ngati wina wawapatsa prednisolone kuti apezeko mphamvu, dokotala adziwe, chifukwa mankhwala amenewa amatha kusungunula maselo a lymphoma kwa kanthawi, kachidutswa n'kutuluka kopanda yankho, munthu atavutika pachabe. Mankhwala a TB ndi ma ARV apitirize mpaka atauzidwa zina.

Funso limene anthu amachita nalo manyazi, koma ine ndimasangalala gadiyani akandifunsa, ndi ili: magazi a gulu lawo alipo mu firiji lero? Safunsa anadya phula, mayi. Opaleshoni ya kapamba siyenera kuyamba popanda mabotolo a magazi oyezedwa kale kuti akugwirizana ndi a wodwala. Magazi m'dziko muno amasonkhanitsidwa makamaka ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, ndipo ambiri opereka ndi ana a sukulu, choncho nthawi ya holide amachepa, pomwenso m'dzinja ana odwala malungo ndi amayi obereka amawafuna kwambiri. Ma platelet ndiye ovutirapo, chifukwa sasungika kupitirira masiku 5, pamene magazi ofiira amakhala mu firiji mwezi ndi kupitirira. Opaleshoni ya amuna anu si yadzidzidzi. Ikasunthidwa sabata imodzi chifukwa chodikira magazi, musakwiye, ameneyo ndi dokotala wosamala. Ndipo abale athanzi amene akufunsa kuti tithandize bwanji, auzeni akapereke magazi.

Pa fomu imene mudzasaine padzalembedwa kuti zikavuta atha kutsegula mimba yonse, ngakhale kuchotsa kapamba. Musaone ngati akukutcherani ndale. Magazi akakana kuleka, njira yotsimikizika ndi kumanga msempha waukulu n'kuchotsa kapambayo, ndipo dokotala sangadzutse wodwala pakati pa ntchito kuti apemphe chilolezo. Nthawi zina, kapamba akakhala wamkulu kwambiri ndi wodwala yense, timaona kuti kumuchotsa dala n'kosaopsa kuposa kumudula kachidutswa. Munthu amakhala ndi moyo popanda kapamba, koma amakhala ngati mudzi wopanda mlonda pa matenda ena, makamaka tizilombo toyambitsa chibayo ndi matenda oumitsa khosi, ndipo malungo amamugwira mwamphamvu. Ndiye funsani za katemera wa pneumococcus, kachilombo koyambitsa chibayo, ndi anzake. Ngati n'kotheka amaperekedwa masabata awiri opaleshoni isanachitike, apo ayi masabata awiri itachitika. Munthu wotere agone m'neti chaka chonse, ndipo thupi likangotentha apite kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti tione mawa.

Akatuluka mu fiyeta, maso a gadiyani amafunika kuposa mmene anthu amaganizira. Kutaya magazi kwambiri kumachitika mkati mwa maola 24 oyambirira, ndipo magaziwo satuluka kunja, amadzaza m'mimba, bandeji ili yoyera. Anamwino amayeza kugunda kwa mtima ndi BP pafupipafupi, koma wodi imakhala ndi odwala ambiri, ndipo inu ndi amene mwakhala pambali pa bedi. Mwamuna amatha kutaya magazi opitirira lita imodzi BP isanatsike. Choyamba kusintha ndi mtima, umathamanga. Mukaona akutuluka thukuta lozizira, manja azizira, milomo ndi m'maso mwayera, akusowa mtendere pabedi, akudandaula ludzu lalikulu, akuchita chizungulire akadzuka, kapena mimba ikukula ndi kulimba, itanani namwino nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Za phewa la kumanzere ndifotokoze bwino. Mpweya tinapopera uja umapweteketsa mapewa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ululu wake umanka nuchepa. Magazi akasonkhana pansi pa nthiti amapweteketsanso phewa lomwelo, koma ululu wake umanka nukula ndipo umabwera ndi zizindikiro zinazo. Musadzivutitse kusiyanitsa nokha. Nenani, ayeze Hb ndi kuunika pa sikani.

Pali mtundu wina wa kutaya magazi umene umandisowetsa tulo, wochedwa. Magazi amatha kusonkhana pansi pa chikopa cha kapamba mwakachetechete, chikopacho n'kudzaphulika patapita masiku. Zaka zapitazo ndinatulutsa bambo wina amene anavulala kapamba pang'ono, ataoneka kuti ali bwino. Ndinamuuza kuti apume, koma sindinamufunse kuti kwawo n'kuti ndipo akafika bwanji. Anakwera kabaza pa msewu wa mabampu, ndipo patapita masiku anayi anabwera naye atakomoka. Tinamupulumutsa, koma kapamba anachotsedwa. Kulephera kunali kwanga, ndipo kuyambira pamenepo sinditulutsa munthu wa kapamba ndisanadziwe njira ya kwawo. Inu a ku Jali, ngati muli ndi m'bale ku Matawale, ku Chinamwali kapena kwina pafupi ndi tauni, akhale kumeneko sabata yoyamba. Ngati n'kubwerera kumudzi, ikhale galimoto, osati njinga yamoto, ndipo nambala ya munthu wa galimoto amene angadzuke usiku ikhale mu foni yanu. Khasu, nkhwangwa, kunyamula matumba, kupalasa njinga, zonsezi zidikire masabata amene dokotala anene, ngakhale timabala titapola pa masiku 10 ndipo iwo akudzimva kuti ali bwino. Ndikudziwa kuti munda sudikira, koma apa abale agwire.

Chomaliza n'chokhudza kachidutswako, poti ndiko tikuvutikira. Kumbutsani dokotala mwaulemu kuti kagawidwe pawiri: kena m'mankhwala a formalin kopita kwa akatswiri oona maselo, kena m'madzi amchere a dripi kokayeza TB, chifukwa formalin amapha tizilombo ndipo sitingamerenso ku labu. Funsani kuti kapita ku labu iti, nambala yake ndi chiyani, ndipo zotsatira mudzazitenga kwa yani, tsiku liti. Zimatha kutenga masabata angapo, ndipo zotsatira zosalondoledwa zimagona m'kabati wodwala akufooka kunyumba. Lembani zonsezi m'buku lawo la kuchipatala.

Apongozi anu musawasiye kunja kwa nkhaniyi. Pitani nawo tsiku lokaonana ndi dokotala wa opaleshoni, limodzi ndi mwini mbumba ngati alipo, ndipo amuna anuwo alankhule okha, poti thupi ndi lawo ndipo wosaina ndi iwo. Mayi awo afunse okha funso lawo la magazi pamaso pa dokotala. Ngati mwanabere wapakhungu palibe, mayeso ena onse alephera kupereka yankho, ma platelet ali pamwamba pa 50, INR ili bwino, magazi ali mu firiji, ndipo dokotalayo ndi wokonzeka kutsegula mimba zikavuta, ine ndikanakhala mlamu wanu ndikanati avomere.